Munga wa Elifala ndi Chitini Chomata Phula

Mwambi wa ng'oma uja, umene inu achinyamata mumangoutchula mwachisawawa minibasi ikakuferani panjira, chiyambi chake n'chotere. Khalani pansi mumve bwino, pakuti mwambi umenewu udagulidwa ndi mwendo wa munthu, ndipo n'zowawa kuumva pakamwa pa anthu amene m'matumba mwawo mulibe ngakhale chipini.

Kumapiri a ku Ntcheu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, mudali munthu dzina lake Elifala, wa mfunda wa Ndau. Uchitsiru sadabadwe nawo ayi. Adachita kuumanga yekha mwadongosolo, njerwa pamwamba pa njerwa, monga amachitira anthu oganiza kwambiri. Ali mnyamata, madzi osefukira adampeza kudimba, ndipo adapulumukira mumtengo. M'menemo adakhala wanjala ndi wozizidwa, bala la pantchafu likuchucha magazi, alibe chomangira, alibe choyatsira moto. Madzi ataphwa adatsika, nalumbira kuti tsoka silidzampezanso chimanjamanja.

Atakula n'kukwatira, adapeza kachitini ka fodya kophwatalala, kokwana m'thumba la m'kati mwa jekete. Adaikamo singano yobaya pakansalu, ulusi wakuda wokulunga pakamtengo, lumo latsopano, mbedza, chipini, mchere wotsekera m'kabango, mapiritsi a malungo ndi kabotolo ka mankhwala a buluu opaka pabala. Machesi adawaviika mitu m'phula la kandulo kuti asanyowe. Chilichonse chidali ndi malo ake, ndipo m'mipata adatsindiramo thonje kuti chitini chisachite phokoso poyenda. Kufikira pamenepa palibe chomudzudzulira munthuyu. Adachita chimene aliyense wanzeru ayenera kuchita.

Koma mudzi ndi mudzi. Mbiri ya chitini itamveka, pakhomo pa Elifala padasanduka pa sitolo yosalipira.

"Odi aNdau! Kasingano kaja, ndibweza pompano."

"ANdau, kamtengo kamodzi kokha ka machesi, moto watizimira."

Lumo lidabwerekedwa pa kumeta kwa maliro, lidayenda m'mitu ya mbumba yonse, n'kubwerako lobuntha ngati khasu. Mbedza idapita ndi mlamba. Mankhwala a buluu adathera pa zipsera za ana a eni. Tsiku lina mitambo itada kumapiri, Elifala adatsegula chitini kuti aone ngati zonse zili m'malo, napezamo thonje lokhalokha ndi chipini chopindika. Adakhala pansi, thukuta lili kamukamu, akukumbukira mtengo uja.

Adagulitsa nyemba, nagulanso zonse. Ulendo uno adamata chivindikiro ndi phula la njuchi kuzungulira konse, nakulunga chitini ndi mphira wa chubu cha njinga.

Tsono m'mudzimo mudali ng'oma yochenjeza anthu, imene ankasunga Binisoni, mlongo wake wa Nangozo, mkazi wa Elifala. Ng'omayo inkalira pa moto, pa madzi osefukira, pa chilombo ndi pa maliro, chilichonse ndi kaimbidwe kake. Woiimba pachabe ankalipa mbuzi. Elifala adaona kuti wapeza muyeso wosakondera.

"Iwe Nangozo, imva lamulo," adatero akusalaza phula ndi chala. "Chitini ichi chidzatsegulidwa tsiku limene ng'oma ya alamu idzalire. Ngati sinalire, kulibe tsoka. Kuli zovuta chabe, ndipo zovuta n'za aliyense."

"Nanga ine mkazi wanu ndikafuna singano?"

"Ukapemphe kumene zinapita zanga zija."

Kuyambira pamenepo yankho lake lidali limodzi. Wopempha machesi ankamufunsa kuti, "Ng'oma yalira?" Mayi wa kuseri kwa nyumba, Nanzunga, adabwera atabereka mwana amene adadzitema ndi chikwakwa, kudzapempha mankhwala a buluu. Elifala adaliyang'ana balalo mosamala, navomereza kuti linali lakuya ndithu, kenaka adafunsa kuti, "Koma ng'oma yalira?" Nanzunga adachoka osatsazika. Jeketelo Elifala sankalivula, kaya kumunda, kaya pogona. Posamba ankalipachika pamene maso ake ankafika.

Chimene sadachiganizire n'chakuti m'mudzi zinthu zimayenda ngati madzi a m'ngalande: ukatseka potulukira, polowera pamadzaza matope. Iye ankayesa kuti watseka chitini chimodzi. Adali atatseka zitini za mudzi wonse.

M'nyengo yokolola, akuchokera kumunda, lamba wa nsapato yake ya tayala adaduka. Adayenda pang'ono phazi lili pansi, naponda munga wa mthethe, umene udathyokera m'chidendene. Adafika pakhomo akutsimphina.

Nangozo adayesa ndi zikhadabo, osatheka. Adatenga munga wina kuti atokosere monga timachitira, nawonso udathyokera momwemo. Minga idakhala iwiri.

"ANdau, tsegulani chitini. Ndi singano ndiuchotsa madzi asanawire."

"Munga? Ndiswe phula chifukwa cha munga? Nanga mawa mtsinje ukadzaza, machesi atalowa chinyezi, udzandiuza chiyani? Pita ukabwereke."

Nangozo adayenda khomo ndi khomo. Kwina adamuuza kuti singano yatayika. Kwina adamufunsa ngati sitolo ya kwawo yagwa. Nanzunga adatuluka singano ili pachilundu, ikuwala padzuwa, nati, "Pepani anzanga, yangayi nayonso ikudikira ng'oma."

Phazi lidatupa. Poyamba lidali ngati chinangwa, kenaka ngati dzungu, ndipo khungu lidayamba kunyezimira. Elifala ankakhala pakhonde ataliika pamtondo wogadabuza, dzanja lili pathumba la jekete. Musaganize kuti sankamva kuwawa. Ankamva mpaka m'mano. Koma nthawi iliyonse chala chikafika paphula, maganizo ake ankaima pamzere ngati mboni pabwalo. Akatsegulira munga wake, adzamuuza chiyani Nanzunga, amene adamubweza ndi mwana wochucha magazi? Akaswa lamulo kamodzi, mawa lake mudzi wonse udzakhala pakhomo, ndipo chitini chidzatsalanso ndi thonje. Koposa zonse, tsoka lenileni iye ankalidziwa nkhope yake: limabwera ndi mkokomo, likuzula mitengo, anthu akukuwa. Kanthu kakang'ono kuposa njere ya mpunga sikangakhale tsoka.

Nangozo adapita kwa mlongo wake.

"Achimwene, imbani ng'oma. Alamu anu akuola ali moyo."

Binisoni adakanda m'mutu. "Ndiimbe kaimbidwe kati, achemwali? Ka moto ndikadziwa, ka madzi ndikadziwa. Ka munga makolo sanatisiyire."

"Imbani ka chilombo."

"Anthu akabwera ndi mikondo ndiwalozere chidendene? Mbuzi yolipira mundipatsa ndinu?"

Komabe adapita kukamuona wodwalayo. Ataima pakhonde adatseka mphuno ndi chipewa.

"Alamu, kodi mwayamba kulima maungu m'miyendo? Tsegulani kabokosi kanuko, mlongo wanga ang'ambe ndi lumo, mafinya atuluke."

"Inu ndinu mwini ng'oma, alamu. Mukuona tsoka pano?"

"Ndikulinunkhiza."

"Ngati ndi tsoka, kaimbeni. Ngati simungaimbe, ndiye kuti nanunso mukuvomereza kuti si tsoka."

Binisoni adavala chipewa chake, nachoka. Munthu wopusa mwachibadwa ungathe kumukalipira n'kumva, koma wopusa mwa mfundo amakusowetsa polowera.

Nangozo adaona kuti mwamuna wake amutaya akuyang'ana. Kuseri kwa nyumba kudali khola lakale la nkhuku, lopanda kanthu chiyambire chitopa. Masana ena, anthu ali m'minda yapafupi, adatenga chikuni cha moto, nachilowetsa m'udzu wa kholalo. Adaiwala kuti inali nyengo ya mwera. Mphepo idanyamula malawi n'kuwaika padenga la khitchini, ndipo kuchokera pamenepo adanyambita nkhokwe imene adali atangothiramo chimanga.

Ng'oma idalira. Anthu adathamanga ndi zidebe ndi nthambi zaziwisi, pakuti singano ungamanane, koma moto sumanana. Elifala, amene adali chigonere m'nyumba, adatuluka chokwawa, nkhope ikuwala ngati ya mkwati. Tsiku limene adalikonzekera moyo wake wonse lidali litafika. Adasolola chitini, namasula mphira, naika chikhadabo paphula.

"N'chiyani? Madzi?"

"Moto, aNdau!" adakuwa Nangozo, mwaye uli kumaso. "Ng'oma yalira, mwaimva nokha. Tsegulani!"

Elifala adayang'ana malawi, nayang'ana chitini. Milomo yake idayamba kuyenda, akutchula za m'katimo chimodzichimodzi. Machesi pamoto? Mbedza? Mchere? Kuwala kuja kudazima pang'onopang'ono.

"Muno mulibe cha moto," adatero ndi mawu a munthu wonamizidwa.

"Muli cha phazi!"

"Ng'omayi yalirira khola, Nangozo. Sinalirire phazi." Adakulunganso mphira mosamala, nabweza chitini m'thumba. "Ndikachira pafunika chitini chachiwiri."

Nangozo adakhala pansi pafumbi, nalira kulira kwa pamaliro, mpaka amayi ena adaponya zidebe poyesa kuti m'khitchini mwapsera munthu. Theka la chimanga lidapita.

Kuda kwa khungu kudakwera kuchoka kuchidendene kufika m'katumba. Elifala adayamba kubwebweta, akuitana anthu kuti akwere m'mitengo. Pamenepo Binisoni sadafunsenso chilolezo. Adamanga ng'ombe pangolo, namutengera ku chipatala cha mishoni kutsidya kwa phiri. Dokotala adavundukula nsanza, nayang'ana mwendowo, nafunsa:

"Chinayamba bwanji?"

"Munga, adokotala," adayankha Nangozo.

"Munga? Mayi, mudzi wonse munalibe ngakhale singano imodzi?"

Binisoni adayang'ana kudenga. Wodwalayo, ngakhale adali kutali ndi nzeru zake, dzanja lidali likadali pathumba. Madokotala adaudula mwendowo m'munsi mwa bondo.

Elifala adabwerera kumudzi mvula yoyamba itagwa, ali ndi ndodo ya m'khwapa. Mtsinje chaka chimenecho sudasefukire. Udayenda mofatsa pakati pa madimba amene iye sakadathanso kuwalima. Anthu ankabwera kudzamuzonda, ndipo palibe adamuseka, chimene chidamupweteka koposa kusekedwa. Choipitsitsa chidali mwendo wa buluku wopanda kanthu uja. Unkakwekwereka pansi, n'kumakola ndodo, ndipo m'mawa wina udamugwetsa chafufumimba m'matope a pabwalo, Binisoni akuona.

Binisoni adamudzutsa n'kumukhazika pakhonde. Elifala adakhala pamenepo, matope akuuma pachibwano. Kenaka adapisa dzanja m'jekete, namasula mphira, naswa phula ndi chikhadabo. Chivindikiro chidatseguka mosavuta. Zonse zidali m'malo mwake, zouma, zaukhondo. Lumo likuwala, mankhwala a buluu odzaza mpaka pakhosi pa botolo. Palibe chitini m'dziko muno chidalongedzedwapo bwino kuposa chimenecho.

Adazula singano pakansalu, natenga ulusi wakuda, napatsa mkazi wake.

"Pinda mwendo wa bulukuwu, usoke."

Nangozo adagwada, napinda nsaluyo pabondo, nayamba kusoka. Singanoyo idali yabwino kwambiri. Inkalowa ngati m'mafuta. Elifala adayang'ana mlamu wake ndi maso a munthu amene mlandu wake sudaweruzidwe bwino.

"Alamu, ine sindinalakwitse dongosolo. Zonse ndinali nazo. Khutu langa linali kwa inu tsiku ndi tsiku, ndipo pa mwendo wanga simunaimbe."

Binisoni adangozunguza chipewa m'manja. Amene adayankha adali Nangozo, osadzutsa mutu. Adamanga mfundo, naluma ulusi ndi mano, nanena mawu amene Nanzunga, amene adali kudutsa ndi mtsuko pamutu, adawamva n'kukafika nawo kuchitsime, ndipo kuchokera kumeneko adafalikira dziko lonse:

"ANdau, chakudza sichiimba ng'oma."