Chumuni Chimene Chinaswa Mbiya za Apongozi

Mpaka lero ndikamva mbiya ikuthetheka pamoto, mtima umandigunda ngati ndaba nkhuku. Ndikuuzani chifukwa chake, koma musakandiseke pamsika.

Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akadali Fort Jameson. Ndinali nditangokwatiwa cha ku Chipangali, ndipo amuna anga, a Yobe, anakhala nane miyezi inayi yokha n'kupita kumigodi ku Kitwe. Anandisiya ndi mayi awo, katswiri woumba mbiya. Patatha chaka ananditumizira chithunzi. Nkhope yawo munalibe (amuna inu!). Munali chinyumba chosungunuliramo mkuwa, madenga a malata, ndi chumuni chachitali chikufuka utsi. Kumbuyo analemba kuti, "Ndimagwira ntchito muno."

Chithunzicho ndinachigwiragwira mpaka chinatha m'mbali. Ndinkawasowa kwabasi, ndisaname. Tsiku lina ndikuponda dongo la apongozi, ndinatapako n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinaumba chinyumba chija, mazenera ndikulemba ndi kaudzu, chumuni pamwamba. Mkati sindinabowole, chinali chibuma chathunthu. Mayi wapabanja kuumba tinyumba ngati mwana wa masanje! Manyazi anandigwira, ndinachibisa.

Tsiku lowotcha mbiya ndinachilowetsa mwakabisira mumtsuko waukulu, chisanaume n'komwe. Tsono kwathu mkazi amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna sayandikira moto wa mbiya. Amati ngwotentha, mbiya zimasweka. Ndiye tinalipo atatu okha: apongozi ndi mnzawo aNaJere, onse amasiye, ndi ine wa mwamuna wa kumigodi.

Moto utakolera, phuu! Mtsuko unaphulika n'kuswa miphika ina isanu.

"Pano pali wotentha," anatero aNaJere, maso ali pa ine. "Ife amuna athu ali kumanda. Nanga wachitatuyu?"

"Anga ali ku Kitwe," ndinayankha (ngati kuti zimenezo zikanandithandiza).

"Eya, n'zimene tikunenazo. Ndiye wakutenthetsani ndani? Kalata ipite kwa Yobe!"

Ndikakhala chete banja latha, ndikaulula mudzi wonse undiseka. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kufukula phulusa, zala zikupsa, mpaka ndinapeza chumuni changa. Chokhacho ndicho chinapulumuka, chopanda manyazi! Ndinathamanga kukatenga chithunzi, ndinagwada, n'kufotokoza zonse.

ANaJere anaseka mpaka kukhala pansi. Dzuwa lisanalowe, amayi onse kuchitsime anali atanditcha kale aForomani a mgodi, ndipo dzinalo silinandichokenso.

Apongozi okha sanaseke. Anayang'ana mapale a miphika yawo, kenako chithunzi, kenako chumuni. Ndinkadikira kukalipiridwa.

"Dongo lochindikala chonchi limafuna kubowola, mwananga. Mukanandifunsa," anatero. Anayendetsa chala pachithunzipo pang'onopang'ono. "Nanga Yobeyo amagona mbali iti?"

Sindinkadziwa. Ndi pamene ndinazindikira kuti chaka chonsecho tinkasowa munthu mmodzi yemweyo m'nyumba imodzi, aliyense payekha.

M'mawa mwake anandipatsa dongo okha. "Muumbenso. Muikepo ndi kanyumba kake kogona, chitseko chiyang'ane kuno."

Tinachibowola, tinachiumitsa sabata zitatu, ndipo sichinasweke. Chinakhala pakhonde zaka zinayi, apongozi akuchipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Mvula ikamabwera ankachilowetsa m'nyumba asanaanule ufa.

A Yobe atabwera, ife awiri tinaima pambali, mitima ili m'mwamba, kudikira kuti aone. Anachiyang'ana ndithu, anachizungulira.

"Kokongola katchalitchi aka," anatero. "N'ka mpingo wanji?"

Ndinatsegula pakamwa, koma apongozi ananditsina. Anatenga nsalu yawo n'kupukuta chumuni chija, ngakhale chinalibe fumbi.

Kubowola dongo ndinaphunzira. Koma a Yobe atabwerera ku Kitwe n'kutumiza chithunzi cha siteshoni ya sitima, amene anayamba kuponda dongo anali apongozi.