Ulendo wa ku Lirangwe pa Mashoku Akufa

Lolemba

Lamulungu likubwerali ndi ubatizo wa mdzukulu wathu woyamba ku Lirangwe. Mwana wathu Chisomo wamupatsa dzina la agogo ake, mkazi wanga Esinati, ndiye amayi a Chisomo akuti ngakhale pa wilibala, apita basi.

Vuto ndi msana wawo. Chibwerereni ku opaleshoni ku Blantyre sanakwereponso galimoto. Minibasi ndiye sitingayerekeze n'komwe. Chatsala ndi kagalimoto kanga.

Ndikuti kanga, koma kanali ka Yamikani, mwana wa mlongo wanga, amene anandisiyira popita ku Joni. Mnyamata ameneyu anachotsa masipuling'i ndi mashoku amene kanabwera nawo, n'kuikamo ake aafupi kuti kazioneka kachinyamata. Kamayenda mimba ikukhula pansi. Mashokuwo anafa kalekale, moti ukaponda kamwala mano amagundana. Ine munthu wa imvi, wopuma pantchito yonyamula katundu pabwalo la ndege, ndikuyendera galimoto ya anyamata ofuna kuonedwa ndi atsikana.

Pulani:
– kugula mashoku anayi ndi masipuling'i aatali
– kukweza galimoto
– kuchapa mipando
– kufika kutchalitchi belu lisanalire

Sabata yathunthu ili m'manja mwanga. Zazing'ono izi.

Lachiwiri

Kwa a Bwanali, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kumsika wa Chileka. Akuizungulira galimoto, akuidinikiza kutsogolo, iyo ikugwedera osasiya ngati mutu wa gulo.

“Madala, awa si mashoku, ndi zikumbutso chabe.”

Jeke yawo sikulowa pansi, galimoto yafupika kwambiri. Taitana akabaza anayi kuti anyamule mbali imodzi, ife n'kutsekera njerwa. Mmodzi akufunsa ngati ndikuigulitsa. Ndachita ngati sindinamve.

Mabawuti adyedwa ndi dzimbiri. A Bwanali athirapo mafuta a mabuleki, ati tidikire alowe. Tadikira. Tadya chinangwa chokazinga. Tadikiranso. Ena amasuka, koma lomaliza laduka mutu. A Bwanali akuti limeneli linkafuna kuduka kale, iwo angolithandiza.

Kunyumba ndanena kuti zonse zikuyenda bwino. Amayi a Chisomo ayang'ana chala changa chomanga nsanza.

Lachitatu

Ku Ndirande pa minibasi, shoku yakale ili m'thumba la feteleza kuti ikhale sampulo. Kondakitala akuti thumbalo nalonso lakhala pampando.

Msika wa masipeya! Aliyense ali ndi “enieni”, ndipo aliyense akuti a mnzake ndi abodza. Mnyamata wina wovala chipewa cha ubweya padzuwa lonseli wayang'ana sampulo yanga ndi diso limodzi, walowa m'kashopu kake, watuluka ndi mashoku anayi akuda bii, onyezimira, masipuling'i ali momwemo.

“Angotsika kumene m'galimoto ya ku Japani, madala. Fumbi la kuno sanalionepo.”

Ndakanikiza imodzi pansi monga anandilangizira a Bwanali. Yabwerera pang'onopang'ono, bwinobwino. Enawo sindinayese. Ndachita manyazi, mnyamatayo anali waulemu kwambiri, anandipatsa ndi mpando womwe.

Pobwerera ndawafungatira pamiyendo njira yonse. Ndafika malaya anga oyera ali mawanga akuda okhaokha. Kaya penti wa ku Japani sauma msanga.

Lachinayi

Akutsogolo alowa osavuta. Akumbuyo ndi aatali, a galimoto ina, mwina ya pikapu. A Bwanali akuti chitsulo sichikana nyundo. Amenya, apinda, alowetsa.

Tachotsa njerwa. Kumbuyo kuli m'mwamba, mphuno ili pansi, ngati nkhuku yojompha chimanga. Magetsi akuunika pamene matayala aponda kale.

Ndabwera nayo kunyumba ili choncho, ana a sukulu akundithamangira m'mbuyo. Amayi a Chisomo ali pakhonde, pampando wawo wa mapilo. Aiona, ayamba kuseka. Akuseka, akugwira msana, akuti, “Bambo, ichotseni pamaso panga, mundipha,” koma akusekabe, misozi ili mbwembwembwe.

Chichokereni kuchipatala sindinamvepo kuseka kumeneku, ndipo ndinakusowa kwambiri. Galimoto sindinaichotse. Ndatenga kansalu, ndayamba kuipukuta pomwepo mosafulumira.

Lachisanu

Nzeru za a Bwanali: kumbuyo tiikeko matumba awiri a chimanga kuti kutsike, kutsogolo tipanikize zidutswa za tayala m'masipuling'i kuti kukwere. Mutu umodzi susenza denga, ndavomera. Ukaiona patali yawongoka ndithu.

Tsopano kuyesa. Sindingayesere galimoto pamsana wa mkazi wanga, ndiye ndadzaza ndowa ndi madzi, ndaikhazika pampando wawo, ndaimanga lamba. Madzi akafika osatayika, ndiye kuti nawonso akafika.

Zotsatira:
– pageti, madzi agavira pang'ono, palibe chodandaulitsa
– pahampu ya kusukulu, theka lili pathalauza langa
– pamlatho, ndowa yadumpha n'kundimenya pachigongono
– wapolisi wa pamsewu wasuzumira, waona ndowa yomanga lamba, wandiyang'ana nthawi yaitali, wati ndizipita ndikapume

Mpando wanyowa wonse. Ndaumasula, ndauyanika padenga la khitchini. Aneba akufunsa ngati tikusamuka.

Loweruka

M'mawa pansi pa galimoto pali chithaphwi cha oilo. Shoku yakutsogolo kumanzere yasanza zonse, yakumanja ikutsatira. A Bwanali akanda penti ndi mpeni, pansi pake pali dzimbiri la kwathu konkuno. Chikomekome cha mkuyu!

Nambala ya mnyamata waulemu uja sikupezeka. Palibenso china, tibwezeremo akale a Yamikani. Tsiku lonse tikumasula zimene tamanga sabata yonse. Dzuwa likulowa galimoto itabwerera pamene inali Lolemba, mimba pansi.

A Bwanali sakundiyang'ana kumaso. Atulutsa siponji yakale ya mpando wa minibasi, aikutumula fumbi, ati, “Mukawayalire amayi.”

Chisomo waimba foni. “Ababa, musawavutitse amayi, mwanayo tibwera naye konko mwezi wamawa.” Ndawauza amayi ake. Ati, “Mwezi wamawa kuli ubatizo?” Magetsi kulibe, akusita bulauzi yawo ndi simbi ya makala atakhala pansi, akupumira pakati.

Ndili ndi mantha. Ndawalonjeza galimoto yofewa, ndipo ndilibe.

Lamulungu

Tanyamuka kusanatenthe. Siponji pansi, mapilo atatu, mpando udakali wachinyezi pang'ono. Giya wani, pamene pali bwino giya thu. Hampu iliyonse ndikuidutsa chammbali, tayala limodzilimodzi, ekizosi ikukhula pansi. Akabaza akutipitirira. Pa Lunzu tayenda limodzi ndi mayi wina wosenza nkhuni mpaka tapatsana moni.

Amayi a Chisomo akuyang'ana pawindo lawo njira yonse, chitenje atafunda mpaka kukamwa, ati n'chifukwa cha fumbi. Ndikafunsa, akugwedeza mutu kuti zili bwino.

Tafika anthu akutuluka m'tchalitchi. Ubatizo watha.

Kutsika amayi a Chisomo alephera. Tatsegula chitseko, atulutsa miyendo, mapazi afika pansi osavutikira, ubwino umodzi wokha wa ntchito ya Yamikani. Chisomo wabwera ndi mwana atamuveka diresi loyera lalitali kuposa mwini wake, wamuika pamiyendo pawo. Amununkhiza pamutu, ati, “Esinati, ndachedwa, koma ndabwera.” Amayi a mvano azungulira galimoto n'kuyamba kuimba pomwepo. Ine ndapita kumbuyo kukayang'ana tayala limene silinaphwe.

Tabwerera chimodzimodzi, pang'onopang'ono. Nditawagoneka pabedi ati, “Yayenda bwino lero galimoto yanu, bambo. Mwaikonza ndithu.”

Popinda chitenje chawo ndapeza ngodya imodzi yonyowa, yobookabooka ndi mano.

Sindinafunse. Ndatenthetsa madzi, ndikuwathowa msana, ndipo tonse awiri tikugwirizana kuti galimoto yayenda bwino.