Ndinkachotsa Ufiti m'Mbale ya Bisiketi

Amene akuti ndikunama adzuke, abwere adzagwire mutu wangawu. Inu a Phiri, ndakuonani mukutsinzinira anzanu, bwerani, musaope, masiku ano sindiluma. Tsitsi mukuliona lakuda bii ili, ine Fakisoni ndinalowa m'Joni muno ndili ndi dazi loti ntchentche ikatera inkaterereka n'kuthyoka mwendo. Linamera ndi zakudya za galu, ndikulumbira pali malemu mayi anga.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'gadeni ku Rosebank, kwa madamu ena okalamba, amasiye, okhala ndi kagalu kawo dzina lake Bisiketi. Anandipatsa kachipinda kuseri, ka magetsi ndi madzi otentha, ine munthu wochokera mumkhukhu, kachisakasa ka malata ka ku Zandspruit, momwe mvula ikagwa nsapato zinkanyamuka zokha kupita kwa aneba. Ndiye kagalu kaja kanadwala. Kanangoti gonee, kakayenda pang'ono wefuwefu, ubweya uli mbuu. Mwana wa madamu anabwera n'kunena ine ndikumva kuti Bisiketi akangofa, amayi ake awapititsa kosungira okalamba, nyumba agulitsa. Mukumva? Mpweya wa galu ndiwo unali denga langa. Ndinachita mantha, abale, moti ndinkapempherera galuyo kuposa abusa athu.

Madamu anayamba kugula, eish, matumba, mabotolo, tizitini, chilichonse chojambulidwa galu akumwetulira, n'kundiuza kuti wodyetsa ndikhale ine. Tsono kwathu ku Ntcheu supatsa munthu chikho usanamweko wekha, timati kuchotsa ufiti. Ine ndikanapatsa bwanji wodwala chinthu chimene sindinalawe, chopangidwa ndi anthu oti sindidziwa ndi mfunda wawo womwe?

Thumba loyamba linali ndi chithunzi cha nkhuku yonenepa, koma nditangotafuna kamodzi ndinamva madeya, nthenga ndi zikhadabo, ndinadziwiratu kuti nkhukuyo inangodutsa pafupi ndi fakitale ikupita kwina. Limenelo ndinaliponya kunja. Lachiwiri linali la nkhuku yeniyeni, ndipo lilime langa linandiuza kuti inali yathadzi, yamawangamawanga, inafa ili ndi nkhawa ya anapiye ake, komanso munali mpunga, dzungu lakupsa bwino ndi mbatata yolimidwa ndi munthu wamanzere amene tsiku lokumba anali atakangana ndi mkazi wake. Mukumva, a Phiri? Zonsezo pa kambulu kamodzi!

Koma lilime lokha silikwana, thupi liyenera kuchitira umboni. Mafuta a nsomba aja, oti amawalitsa ubweya, ndinamwa m'mawa, pofika masana chipewa chinali chitakwera chokha m'mwamba, madzulo ndinapita kokameta, makina a wometa anafuka utsi n'kuzima, magetsi a msewu wonse n'kuthima nawo. Mapiritsi a mawondo ndiye musanene, ine wa nyamakazi ndinalumpha mpanda wa magetsi chiimire, n'kuthamangitsa tekisi imene inandisiya, kuipitirira, kufika kuno ku Ivory Park, kugula magwinya, mandasi a kuno, kupereka moni kwa a Phiri omwewa, ngakhale lero akana, n'kubwerera, tekisi ija n'kuipeza ikadali pa maloboti omwe aja dalaivala akukanganabe ndi wapolisi. Ufa wokonza m'mimba unandigayitsa fupa la ng'ombe pamodzi ndi supuni imene ndinameza mwangozi. Mavitamini ananditsegula mphuno moti tsiku lina ndikuthirira maluwa ndinamva nyemba zikupserera ku Ntcheu, ndinaimba foni, mayi a kunyumba n'kuvomera kuti anatanganidwa ndi miseche pa mjigo. Chimene chagwira ntchito pa ine, Bisiketi ankalandira. Chimene changondikhutitsa mpweya, sankachiona n'komwe.

Ndipo musaganize kuti ndinkalawa mwaulemu ngati mkamwini. Ufiti wa m'fakitale ndi wochenjera, umabisala pansi pa mbale. Choncho m'mawa ndi madzulo ndinkachotsa mpaka pansi paoneke, wodwala n'kumusiyira kambali kamene ndatsimikiza kuti n'koyera.

Abale, galu anadzuka! Anayamba ndi kugwedeza mchira, kenaka kuthamangitsa mbalame zaphokoso zija za pa kapinga, kenaka anathamangitsa chithunzithunzi cha ndege n'kuchigwira, ndegeyo inaima m'mwamba mpaka ine nditamukalipira kuti asiye. Ndinavina ngoma ya kwathu pakati pa maluwa, misozi ili chuchuchu.

Tinapita naye kwa dokotala wa ziweto. Anamuika pa sikelo, n'kumuyang'ana, n'kuyang'ana mimba yanga, imene nthawi imeneyo inali itayamba kutsogola. Akuti, "Galuyu sankadwala kanthu, kunali kunenepa basi. Amene wamuchepetsera chakudya ndiye wamupulumutsa."

Nsanje! Munthu anapita kusukulu zaka zonsezo koma sanalawepo ngakhale kambulu kamodzi, angadziwe chiyani? Madamu analira, anapsompsona galu, ine anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Mwana wawo uja za kugulitsa nyumba sanazitchulenso. Ndinakhala m'kachipinda kaja mpaka madamu anatisiya ndi ukalamba wawo, Bisiketi ali pamiyendo pawo, ndipo mvula yonse ya zaka zimenezo nsapato zanga zinagona pamalo amodzi.

Mukusekabe, a Phiri? Sekani. Koma mudzifunse chifukwa chake ine pabenchi ndimakhala chammbali, ndiponso chifukwa chake telala wa pakona apo buluku langa amalisoka mwapadera kumbuyo. Si tsitsi lokha limene linamera ndi zakudya za galu zija. Ayi, sindikuonetsani, pano pali azimayi. Koma ngati ndinu mwamuna, imbani mluzi kamodzi kokha, muone mmene benchi ili ligwedezekere.