Masomphenya a Amayi Ogulitsa Pamsewu

Lolemba

Yunivesite yatsekedwa. Akuluakulu akuti tinaguba mumsewu popanda chilolezo. Ife tikuti tinaguba m'malo mwa anthu amene pakamwa pawo panatsekedwa kale. Mbiri idzaweruza. Pakali pano ndili kwa azakhali ku komboni ya Mandevu, ndipo ndikugona pakati pa thumba la makala ndi beseni la matimati.

Sindikudandaula. Wophunzira amene amakamba za anthu wamba m'kalasi ayenera kudziwa ndi fungo lawo lomwe. Ine tsopano ndikulidziwa: ndi la kapenta, tinsomba touma tija.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Azakhali ndi anzawo amagulitsa m'mbali mwa msewu, pansi, padzuwa. Apolisi a khansolo akabwera, amathawa. Mvula ikabwera, amanyowa. Koma pamsika pamangidwa shedi yatsopano ya malata, imodzi yokha, ndipo Loweruka Ba Tcheyamani a Chipani m'wadi muno adzaipereka kwa gulu limodzi. Lamulo lawo ndi lakuti gulu lililonse libweretse pepala lonena chimene lili ndi chimene likufuna. Mitambo yayamba kale kusonkhana masana.

Ndafunsa azakhali dzina la gulu lawo. Akuti: "Dzina? Ni ise chabe."

Zaka zonsezi! Popanda dzina, popanda Cholinga, popanda Masomphenya! Ndawafotokozera modekha monga tinaphunzirira: Cholinga chimanena chimene bungwe limachita lero ndi chifukwa chake, Masomphenya amanena kumene bungwe likupita. Lopanda ziwirizi si bungwe, ndi khamu la anthu amene angokhala moyandikana.

Akuti: "Lemba, bola tipeze denga."

Dongosolo langa:
1. Kumva maganizo a amayi, mwaufulu.
2. Kuwakonza maganizowo.
3. Kulemba.
4. Kupambana.

Lachiwiri

Msonkhano woyamba, pamsewu pomwepo. Ndaima pa njerwa kuti onse andione.

Atsogoleri enieni ndi atatu, ngakhale sakudziwa kuti ndi atsogoleri. Azakhali, a matimati. Bana Mwila (ndiye kuti amake Mwila), a kapenta, ochokera kumpoto, a mawu omveka mpaka ku komboni ya Chaisa. Amake Dalitso, okazinga vitumbuwa, amene amalankhula pang'ono koma saiwala kanthu.

Funso loyamba: kodi gulu lino lilipo chifukwa chiyani?

Bana Mwila: "Ba Yunivesite, tilipo chifukwa basi imaima apa."

Funso lachiwiri: mukudziona muli kuti zaka khumi zikubwerazi?

Amake Dalitso: "Ngati sininafe, pamthunzi."

Ndalemba mayankho onse mokhulupirika, ngakhale mtima ukuwawa. Umu ndi mmene umphawi umachepetsera maloto a munthu! Ndinali nditangoyamba kufotokoza kusiyana kwa zofuna za m'mimba ndi zofuna za mbiri, pamene mayi wina wadutsa akuthamanga, akufuula kuti saladi, mafuta ophikira aja, yafika ku sitolo ya boma.

Kuphethira kamodzi, msonkhano wonse wapita kukaima pamzere. Ndatsala ndekha pa njerwa, ndi mabeseni a anthu onse.

Azakhali, akuthamanga: "Ingitsa ntchentche! Usagulitse chilichonse!"

Ndaingitsa ntchentche mpaka dzuwa kupendeka. Ndaona chinthu chimodzi: abwera ndi mafuta ochepa, agawana m'timabotolo popanda mkangano, ndi wodwala amene sanapite apatsidwa. Zonsezi popanda ndondomeko yolembedwa! Tangoganizani zimene adzachite akakhala nayo!

Lachitatu

Ndalemba Cholinga. Ndi chosavuta kwambiri moti ndikuchita nacho manyazi, koma ndatsata mawu a eni ake:

"Ife amayi ogulitsa matimati, kapenta ndi vitumbuwa tikufuna malo okhala ndi denga, kuti tidyetse mabanja athu ndi anthu a dera lino."

Ndawerenga mokweza. Ayang'anana. Ndayesa akhudzidwa mtima.

Bana Mwila: "Werenganinso. Kapenta ili pa namba chani?"

Ndawerenganso.

"Ehe! Matimati kutsogolo, chifukwa wolemba ni mwana wa matimati!"

Amake Dalitso, osakweza mawu: "Ine nili kumapeto. Ndiye kuti mu shedi nizankhala kumbuyo, kufupi na chimbuzi."

Ndafotokoza kuti chiganizo si mapu a shedi. Palibe wandimvera. Kwa iwo chimene chalembedwa papepala lopita ku Chipani ndi chigamulo, ndipo wotchulidwa poyamba ndiye adzakhala pakhomo pamene ogula amayambira. Msewu ulibe kutsogolo, ulibe kumbuyo. Aliyense amakhala pamene wafikira. Chiganizo changa ndicho chabweretsa kutsogolo ndi kumbuyo m'gulu lino.

Zimene zatuluka masana ano, zimene zakhala zobisika kuyambira ndili ku pulayimale:
- utsi wa vitumbuwa umafooketsa matimati;
- fungo la kapenta limalowa m'vitumbuwa;
- madzi owaza matimati amayenderera ku kapenta;
- pa maliro ena ake, wina anabwera ndi nkhuni zaziwisi, ndipo akudziwika.

Bana Mwila anyamula beseni lawo n'kukakhala tsidya lina la msewu. Theka la gulu lawatsatira. Tsopano akuyang'anana ngati mayiko awiri, mabasi akudutsa pakati.

Ndauza azakhali kuti m'mabuku ichi chimatchedwa gawo la mikangano, ndipo ndi chizindikiro chakuti bungwe likukula.

Sanandipatse ndiwo.

Lachinayi

Tsiku la ukazembe. Ndawoloka msewu kambirimbiri, pepala m'manja, moti kondakitala wina wandifunsa ngati ndasokonezeka.

Kapenta poyamba: azakhali akana, akuti ndagulitsa magazi anga.
Vitumbuwa poyamba: onse awiri akana.
Ndalemba mawu atatuwo mozungulira, ngati mphete, kuti pasakhale woyamba. Bana Mwila atembenuza pepala kawiri n'kufunsa: "Nanga pamwamba ni ndani?"

Pamenepo kuwala kwandifikira. Vuto si ndondomeko ya katundu. Vuto ndi katundu mwiniyo. Masomphenya enieni sanunkha kapenta! Ndafufuta matimati, kapenta ndi vitumbuwa.

Ndafufutanso "denga", popeza Amake Dalitso akuopa kuti likalembedwa, wina adzati moto suloledwa pansi pa malata atsopano. Ndafufuta "amayi", popeza pali bambo mmodzi wogulitsa nzimbe amene wadandaula. "Kuti tidyetse mabanja athu" ndafufuta mwa kufuna kwanga: mawuwa ali ndi kafungo ka kudzikonda, ndipo ine sindinagube mumsewu kuti ndidzalembe za phindu la munthu payekha.

Chotsala ndi ichi:

CHOLINGA: Kutumikira anthu wamba mogwirizana, modzipereka, posayang'ana phindu.
MASOMPHENYA: Dera limene munthu aliyense adzaimirira mowongoka, mawa lake lowala kuposa lero lake.

Ndawerenga mbali zonse ziwiri za msewu. Palibe wotsutsa! Ndi mmodzi yemwe!

Bana Mwila: "Ine sinilimo, koma nayenso salimo. Chili bwino."

Umodzi wabwerera, kudzera m'mawu osankhidwa bwino. Aphunzitsi anga akanaona!

Azakhali afunsa ngati shedi yatchulidwa. Ndawauza kuti yatchulidwa mu mzimu.

Lachisanu

Kukapereka pepala kwa Ba Tcheyamani. Ndapita nditakonzekera nkhondo. Anthu otere ndimawadziwa: mimba kutsogolo, mfundo kumbuyo.

Pakhomo anyamata a Chipani andifunsa khadi la umembala. Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe za ufulu wa nzika, koma azakhali aonetsa khadi lawo n'kunena kuti: "Ni mwana wa mulongo wanga, mutu unatentha ku sukulu." Atilola kulowa, akundiyang'ana mwachifundo. Chipongwe ichi ndachisunga.

Ba Tcheyamani awerenga kamodzi. Avula magalasi, awapukuta, awerenganso. Ndikudikira kuti anene kuti m'dziko muno masomphenya ndi amodzi okha ndipo ali ndi mwini wake. Yankho langa lili pa lilime, la ndime zitatu.

Akuti: "Komuredi, walemba wekha ivi?"

Ndavomera, chifuwa patsogolo.

"Mawa lake lowala kuposa lero lake. Mmm! Iyi ni mfundo. Manje imwe mufuna chani maka-maka?"

Apa ndiye panali pofunika kuonetsa kuti anthu wamba si opemphapempha. Ndayankha momveka bwino kuti gulu lathu silinabwere kudzagwada, labwera kudzatumikira.

Azakhali andiponda phazi. Mwamphamvu. Ayamba kunena kuti "Ba Tcheyamani, ni shedi," koma mkuluyo anali ataimirira kale, akundigwira dzanja ndi manja awiri. Pepala alipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya, osati pamulu wa mapepala a magulu ena.

M'thumba la pamtima! Ena onse pamulu!

Pobwerera azakhali ayenda patsogolo panga mofulumira, osacheuka. Ndikuganiza kuti ndi mantha a munthu amene sanazolowere kupambana.

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

Msonkhano pamsika. Mbendera, ng'oma, amayi ovala zitenje zofanana. Shedi ikunyezimira, riboni pakhomo. Gulu lathu lonse lakhala pamodzi, kapenta ndi matimati phewa ndi phewa, chifukwa cha ine.

Ba Tcheyamani ayamba ndi mfuu za Chipani, kenaka atulutsa pepala m'thumba. Langa! Akuti usiku sanagone, akuganizira tsogolo la wadi, ndipo mawu awa awafikira. Awerenga Cholinga. Awerenga Masomphenya. Pa "mowongoka" aimirira pa zala za kumapazi. Anthu m'manja, m'manja! Azakhali aimba nthungululu pamodzi ndi onse, osazindikira kuti ndi mawu omwe aja anawamva Lachinayi.

Ndafuna kuimirira kuti nditsutse kuba kumeneku. Bana Mwila andikoka malaya: "Nkhalani pansi, shedi ikubwera."

Ndiye chigamulo. Ndikulemba monga ndamvera:

"Ba telala akuti tifuna shedi. Ba kalipentala akuti tifuna shedi. Onse ni nifuna, nifuna, nifuna! Gulu imozi chabe ndiye inabwera osapempha kanthu. Amai aba pamsewu! Beve akuti tifuna kutumikira, osayang'ana phindu. Imirirani, amai, anthu akuoneni!"

Aimirira. Akumwetulira!

Kotero, pofuna kuti pasakhale gulu lokondedwa kuposa lina, shedi ikhala ofesi ya wadi yoyendetsera Masomphenya. Ndipo amayi athu, polemekeza mtima wawo wosafuna phindu, apatsidwa udindo wosesa msika wonse Loweruka lililonse m'mawa, modzipereka.

Matsache anali okonzeka kale, omangidwa ndi riboni yotsala. Aliyense walandira lake pamaso pa anthu, akujambulidwa.

Kumwetulira kwa Amake Dalitso kwatha pang'onopang'ono, ngati moto wothiridwa mchenga. Atembenukira kwa ine. Onse atembenuka. Sindinaonepo bungwe logwirizana chotero pa chinthu chimodzi.

Ndabwerera kunyumba podzera njira ina.

Lamulungu

Sindinapite ku tchalitchi. Bana Mwila amaimba kwaya, ndipo tsache ali nalo.

M'mawa ndayesa kulemba kusanthula kwa zimene zachitika. Mfundo zanga:
1. Cholinga chinali cholondola.
2. Masomphenya anali olondola, umboni wake ndi wakuti abedwa.
3. Mwina mawu akuti "denga" akanatsala.

Mfundo yachitatu ndaifufuta, kenaka ndailembanso.

Ba Tcheyamani atumiza uthenga: ma wadi oyandikana nawo akufunanso Masomphenya, ndipo komuredi wachinyamata asachoke m'dera. Sindinayankhe. Sindinakanenso. Ndikudzida pang'ono.

Masana amayi abwerera pamsewu, mbali imodzi, palibe wotchula utsi kapena fungo. Kenaka mvula yoyamba. Atulutsa pulasitiki yaikulu imene anasonkha masaka n'kusokerera. Ngodya zitatu amanga ku mtengo, ku mpanda ndi ku chikwangwani cha basi. Ngodya yachinayi ilibe pomanga.

Azakhali andiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, koyamba kuyambira dzulo pamsika. Ndine wamtali, m'banja mwathu tonse ndife otero.

Ndaima pamenepo mpaka mvula kukata, manja m'mwamba, madzi akutsikira m'khwapa. Kutsidya, m'shedi youma, munthu wina akupenta mawu anga pakhoma ndi zilembo zazikulu. Walakwitsa kalembedwe ka "mowongoka". Ndafuna kupita kukamuuza.

Azakhali: "Ukasuntha, matimati anyowa. Kweza manja."

Ndakweza.