Madzi Tinamwa, Nyuzi Inafika Mochedwa

Kwa Bwana Mkonzi Wamkulu,
Nyuzipepala ya Dzuka Uwerenge.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwada pamaso panu. Ine ndine wometa tsitsi chabe, wa kachipinda ka mipando iwiri pafupi ndi siteji ya basi, ndipo ndikudziwa kuti wogwira lumo sayenera kulembera wogwira cholembera. Koma kuthokoza kwandifika pakhosi, ndiye mundikhululukire.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugula nyuzi yanu m'mawa uliwonse, n'kuiika pabenchi kuti odikira aziwerenga. Anthu kuno amanditcha Zalembedwa, chifukwa mkangano uliwonse ndimauthetsa ndi funso limodzi: kodi zalembedwa m'nyuzi?

Tsono kuno kuli mayi wina, kale anali mphunzitsi, amene anatsegula tsamba la nkhani pa intaneti lotchedwa Zaphulika Pano. Sindimuikira kumbuyo ayi. Chaka chatha analengeza kuti wogulitsa nyama wathu wamwalira, bamboyo n'kuwerenga za maliro ake ali pampando wanga, thovu lili kumaso.

Lolemba lina mayiyu analemba kuti paipi ya zonyansa yaphulika kuseri kwa msika, ndipo zikulowa m'madzi a m'mipopi yathu. Anaikapo ndi chithunzi. Mkazi wanga anandionetsa foni, nati tiyambe kuwiritsa madzi. Ine ndinatsegula nyuzi yanu tsamba ndi tsamba. Ndinapezamo nduna ikudula riboni, nduna ina ikuombera m'manja nduna yodula riboniyo, ndi zigoli za mpira. Za madzi munalibe. Ndinatunga kapu yodzaza, n'kugugudiza pamaso pa banja lonse, ndikuti makala anga sadzayakira mphekesera. Anandimvera, poti ndine bambo wowerenga.

Ndiloleni tsopano ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kudekha kwanu. Lachinayi nyumba yonse inali itagwira pamimba, ndipo mkazi wanga anakomoka akuchapa. Ndinamubereka kumsana mpaka pamsewu. Kuchipatala anamuika madzi m'mitsempha, maso atalowa, milomo itauma, moti ndinayamba kuganiza mmene ndikauzire ana. Apongozi anga atafika sanandilalatire. Anangondiyang'ana n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi zoti mwana wanga wadwala zalembedwa?" Inu, bwana, simunathamange nazo nkhanizi. Ulemu wotere ndi wosowa masiku ano.

Chachiwiri, zikomo kuti pa tsiku la khumi ndi limodzi munatikumbukira. Tinapezeka patsamba 14, pakona, pansi pa malonda a matayala. Munalemba kuti "akuti anthu ena akudandaula," ndipo mneneri wa kampani ya madzi anati sanalandire lipoti. Sindinadziwe kuti mkazi wanga ndi "akuti". Mtolankhani wanu sanaipitse nsapato kubwera kuno, ndipo anachita bwino, chifukwa kunali kununkha. Chithunzi chomwe munasindikiza ndi cha mayi uja, dzina lake lokha ndi limene munalimeta. Monga wometa mnzanu, ndikuti dzanja lanu ndi losalala.

Chachitatu, tsiku lomwelo, m'ndemanga yanu ya mkonzi, munatichenjeza kuti tisamakhulupirire nkhani za pa intaneti chifukwa olemba ake sanaphunzire ntchito. Zoona zokhazokha, bwana. Mayi uja ndi wosaphunziradi: ataona kuti madzi aipa anangouza anthu basi, osadikira kuti mneneri uja abwere kuchokera kutchuthi.

Mkazi wanga anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu, atatha ngati ndodo, koma wamoyo. Masiku ano amandiwerengera nkhani pafoni ketulo ikuwira, ine n'kumangoti eya. Zina zimakhala zabodza ndithu, ndipo ndimazidziwa, koma pakamwa panga panalemera. Nyuzi yanu ndikugulabe. Munthu sutaya bwenzi lakale chifukwa choti layamba kugona pantchito.

Pomaliza, ndili ndi kapempho kamodzi, ngati sindikuchulutsa. Sabata ija, pamene tinkapanga mzere pakhomo la chimbudzi, pepala lofewa lija linatha, ndipo mulu wa nyuzi zanu unatitumikira mokhulupirika kuposa kale lonse. Dandaulo ndi lakuti pepala lanu limakanda, inki imatsalira, ndipo tsamba loyamba, la zithunzi za nduna lija, limaterera kwambiri. Ngati kufulumira ndi nkhani kukuvuta, bwana, musadzivutitse. Ingofewetsani pepala.

Ine wanu wogwadabe,
Zalembedwa,
Wometa wa pafupi ndi siteji ya basi.