Chingwe cha Akapitawo

Lolemba

Likhutcha wagwa mumtengo wa mtangatanga podulira nthambi zotchinga tiyi. Mkono thyo! Ndi wachitatu kugwa m'gulu langa. Bwana wandikalipira pa ofesi anthu akuona, akuti wina akangogwanso ukapitawo wanga wathera pomwepo, ndibwerera kukhasu. Ine, munthu wodziwa kulemba!

Koma mutu uwu si wongovalira chipewa. Malamulo anga ndi awa:
1. Mvula ikamagwa, osakwera.
2. Wolawa kachasu akhale pansi.
3. Wokwera amange chingwe cha khonje m'chiuno, nsonga inayo panthambi yaikulu.

Lachiwiri

Mvula ya chiperoni yayamba, ndipo Bwana akuti mvula siimitsa ntchito. Lamulo loyamba lafa. Lamulo lachiwirilo landisiyira anthu awiri okha okwera, ndiye ndalifafaniza ndekha.

Chatsala chingwe. A Mpalume, mkulu wa okwera mitengo, achiyang'ana ngati njoka. “Chingwe m'chiuno n'cha othawa msonkho, akapitawo. Ine ndinalipira.” Onse aseka, inenso ndaseka nawo ngati sizikundiwawa.

Lachitatu

Ndawakakamiza kuphunzira mfundo ali pansi. Kulakwa kwanga: chingwe n'chimodzi chachitali, ndiye ndamanga amuna asanu mondondozana, m'mphepete mwa msewu wa kuboma, ine patsogolo ndi ndodo.

Akazi awo atulukira kuchokera kosamba. Maliro! Akuti ndagulitsa amuna awo kwa asikali. Mkazi wa a Mpalume wandiponyera buma, landipeza pakhosi. Amunawo angozyolika ngati akaidi enieni, mapewa akugwedera ndi phwete. Kufotokoza kwanditengera dzuwa lonse.

Lachinayi

Anthu agwirizana zoti kapitawo ayambe wakwera yekha ndi chingwe chakecho, iwo aone. Ndavomera mokweza mawu.

Pano pokha ndilembe zoona: chibadwire sindinakwerepo mtengo. Anzanga akamakwera, ine ndinali pabenchi ku mishoni.

Ndaweruka msanga kuti ndiyeserere kuseri kwa nyumba. Ndasankha mtengo wosalala, wopanda nthambi zokola malaya. Ndi papaya wa apongozi, mayi wa mkazi wanga. Nditangokwera pang'ono wathyokera pakati, mapapaya aawisi mbwee! Mkazi wanga ndamuuza kuti ndi mphepo. Wangoyang'ana utomoni uli pamalaya panga.

Lachisanu



Ndakwera ndithu, maso otsinzina. Ndamanga chingwe. Ndatukula chikwanje, phazi laterereka, basi dziko latembenuka. Sindinafike pansi, chingwe chagwira! Koma ndikulendewera mutu pansi, miyendo kumwamba, ndipo kabudula wanga wa khaki wang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka kotsiriza.

Nthawi yomweyo amayi othyola tiyi akudutsa ndi madengu kupita kusikelo. Patsogolo apongozi. Anthu amene timapatukirana panjira, amene sindinawayang'anepo m'maso! Apongoziwo atembenuka msanga, afunda nsalu kumutu, akulankhula atandifulatira:

“Auzeni bambo a Elena asaphiriphithe, akuonjezera kung'amba.”

Ndi iwonso alamula amayi kuti akhuthule tiyi yense pansi pa mtengo. A Mpalume akwera opanda chingwe, adula changa, ndagwera pamulu wa masamba. Bala ndilibe ngakhale limodzi. Bola ndikanathyoka mwendo, anthu akanandimvera chisoni.

Loweruka

Bwana wandiitana. Ndapita nditavula kale chipewa, khasu lili m'maganizo. Iye mano onse pamtunda! Akuti waonera patali zonse, chingwe chapulumutsa munthu, ukapitawo ndi wanga ndithu. Tsono akufuna magulu onse a esiteti aone mmene chimagwirira, Lolemba lililonse gulu lina. Woterereka dala n'kulendewera akhale mwini nzeruyo.

Ndathokoza. Ndikanatani?

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, akuti amayi apeka kale nyimbo ndipo ili ndi kavinidwe kake. Ndakhala m'nyumba chitseko chotseka.

Mkazi wanga wabwera ndi kabudula kuchokera kwa amayi ake. Amusoka kawiri ndi ulusi wa matumba, aikanso chigamba cha chiguduli kumbuyo. Uthenga wawo ndi wakuti mawa iwo adzera njira ya kumtsinje, koma magulu alipo asanu ndi awiri, ndiye ndiwatumiziretu masiku ndi malo ake kuti azindilambalala.

Ndawalembera. Ukapitawo ndi umenewu.