Tsiku Limene Ndinakoka Malire a Dziko ku Luka

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, aike botolo lakelo pansi, andiyang'ane m'maso. Iwe wa chipewa chofiira, ndakuona ukutsinzinira mnzako. Inu mwafika dzanadzanali pa migodi ya Marikana pano, fumbi la ku Mwanza lidakali m'makutu, ndiye muziphunzitsa ine Lufeyo Mbewe za malire? Mukulira kuti mwazunzika pa Nyamapanda, mwauma ndi njala pa Beitbridge. Amenewo ndi malire aulemu, anyamata, ali ndi chipata, ali ndi mbendera, ukapita lero ukawapeza pomwe unawasiya chaka chatha. Ine ndinalimbana ndi malire osaoneka, ndinawagwira ndi manja awa.

Masiku amenewo, chisankho chachikulu chija chothetsa ulamuliro wa tsankho chisanachitike, m'kati mwa Joni muno munali dziko lina, dzina lake Bophuthatswana, ife tinkangoti Bopu. Linali ndi pulezidenti wake, asilikali ake, apolisi ake, nyimbo yake ya fuko, koma nthaka yake inali zidutswazidutswa ngati nyama yogawa pamaliro, china uku china uko, pakati pali minda ya Mabunu. Mudzi wa Luka unali ku Bopu, tauni ya Rustenburg inali ku Joni, ndipo mpanda panalibe. Umadzuka m'dziko lina, kukagula buledi m'dziko lina, kutsika mumgodi kuno n'kukabowola mwala pansi pa boma lina osadziwa, ndipo munthu ngati ine, mchona amene kontrakiti yake inatha kalekale n'kumangogwira ntchito wopanda mapepala, ndinkathawa apolisi a mitundu iwiri, osadziwa kuti lero andimanga m'dzina la boma liti.

Ku Luka kuja ndinali ndi mkazi, Mmapula, Mtswana, ndipo anali woyembekezera, masiku atayandikira. Kwawo mkazi amakachirira m'nyumba ya mayi ake. Vuto linali apa, mumve bwino. Mwana wobadwira ku Bopu ankalembedwa kuti ndi wa Bopu, ndipo pasipoti ya Bopu, kupatula Joni amene analenga Bopuyo yekha, panalibe dziko pansi pano loivomera. Inu mumayesa dziko ndi mbendera? Mbendera ngakhale telala wapakhonde akhoza kusoka. Dziko ndi pamene anzako akuvomera kuti eya, iwe ndiwe dziko, ndipo Bopu palibe anamuvomera. Tsono mayi anga kwathu ku Linthipe anali akudwala chifuwa, ndipo mawu amene ankatuma ndi aliyense wobwera kuno anali amodzi okha, akuti mwana wa Lufeyo ndimunyamuleko ndisanatsinzine. Ine ndinkamuona mwana wanga m'maganizo atafika pa Mwanza, wapachipata akumubweza kuti dziko lakolo sitilidziwa. Ndinapempha apongozi anga aakazi, mayi wamtali wosaseka wamba, kuti Mmapula akachirire m'tauni. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kupitiriza kusesa.

Ntchito yanga inali yobowola mwala. M'mawa wina keji, chikepe cha mumgodi chija, itatitsitsa, ndili pakati pobowola, mutu uli ku Luka, chitsulo chinangoti gwa! Makina zii. Ndikuwalitsa nyali ya pamakarapa, chisoti cha mumgodi chija, ndikuona chingwe chofiira, chonenepa ngati ntchafu yangayi, chatuluka m'mwala uku n'kulowa m'mwala uko, chikunjenjemera chokha, chikununkha inki ndi wonga wamfuti. Mzere womwe uja munkauona pamapu kusukulu! Munkayesa aphunzitsi amangojambula? Pamwamba suoneka chifukwa ng'ombe ndi mvula zinaupondereza, koma pansi ulipo, ndipo mbali iyi mwala unkang'ung'udza Chitswana, mbali iyo ukutukwana Chibunu. Mnzanga wina wa ku Tete amene ankapakira miyala anangoti, “Pasopa, samalani madala, zimenezo n'za boma!” n'kutaya fosholo, liwiro.

Ine ndinaganiza msanga. Ngati apongozi akukana kuti mkazi apite ku Joni, Joni ndiye apite kwa mkazi. Mukumva? Ndinachikumba chingwecho ndi zikhadabo, ndinachikulunga m'chiuno kawiri, ndinalowa nacho m'keji, keji inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, injini yokokera kumtunda inatuluka utsi, ndipo titafika pamwamba dzuwa lili paliwombo chingwecho chinang'amba nthaka kuchokera pamgodi kupita uku ndi uku mpaka kumene maso amathera, mitengo ikupendama, njoka zikutuluka kudzafunsa kuti kwagwanji. Pachipata ndinapeza mlamu wanga, mng'ono wake wa Mmapula, akupuma mwawefuwefu. Anati, “Alamu, matenda ayamba.” Ndinawerama n'kuyamba kukoka.

Mwakokapo chiyani inu, ngolo ya matumba? Ine ndinkakoka maiko awiri, phazi lililonse likulowa m'nthaka mpaka m'bondo, kumbuyo kwanga zinthu zikusokonekera, ng'ombe zinayamba kudya msipu ku Bopu n'kukabzikula zili ku Joni, m'busa wina anayamba pemphero m'dziko lino ameni n'kukamunenera kunja, wapolisi amene ankathamangitsa wakuba nkhuku anangoona kuti wafika kudziko la eni alibe chilolezo, wakubayo n'kuima n'kumupatsa moni, mayi wina anatuma mwana kukapala moto kwa anansi mwanayo n'kubwera ali mlendo wofunika kumuonetsa kwa akuluakulu. Anthu ankandikuwa, agalu akuuwa m'zinenero ziwiri. Ine osatembenuka, m'mutu muli chinthu chimodzi, kuti mwana asatuluke ndisanafike.

Ndiye apolisi anabwera, onse awiri nthawi imodzi, a Bopu kutsogolo, a Joni kumbuyo. Ndinati basi Lufeyo, lero wapita, ukagona m'galimoto ya mawaya, mwana wako ukamumvera m'mphepo. Thukuta linadzaza m'magambutsi mpaka kusefukira. Koma taonani, malire anali m'chiuno mwanga! Mimba ndi nkhope zinali ku Bopu, msana ndi matako zili ku Joni. Wa Bopu akagwira malaya kutsogolo, wa Joni akuti siya, theka limenelo likulumikizana ndi mkaidi wanga. Wa Joni akagwira lamba kumbuyo, wa Bopu akuti ukukoka munthu wa m'dziko langa popanda kupempha. Anayamba kulozana zala, anatumiza mthenga kumalikulu awo onse awiri kukafunsa kuti munthu wogawika amamangidwa ndi ndani, ndipo ine ndinapitiriza ulendo iwo akutsatira m'mbali akukangana. Sindikuseka ayi, ndinkayenda ndikupemphera kuti asagwirizane.

Ndinafika pa Luka dzuwa litapendeka. Ndinalowetsa khola la apongozi ku Joni, ndinalowetsa chitele cha nkhuku, ndinalowetsa khitchini, koma nditafika pakona pa chipinda chimene munali Mmapula, chingwe chinati njii, chatha. Mkati ndikumva mkazi wanga akubuula, azimayi akumulimbikitsa. Chipinda chidakali ku Bopu! Ndinakoka, osasuntha. Ndinalavulira m'manja n'kukokanso, mapiri a kuseri kwa tauni anasendera kuno pang'ono, akadali pomwepo mpaka lero, koma chingwe osatalika ngakhale chala chimodzi. Misozi inatuluka, sindibisa. Ndinaponda mwala wa pakhonde, ndinaitana dzina la mayi anga, ndinakoka ndi msana, ndi mano, ndi zaka zonse zimene ndinathera pansi pa nthaka ya eni, ndiye kutali uko ku Mmabatho, likulu la Bopu, kumene anamangirira mfundo yake, kunamveka phwi!

Ndinagwa chagada. Chingwe chinabwera chonse, chikusomphoka ngati ulusi wa juzi yakale, chidutswa ichi cha Bopu, chidutswa icho, china cha kutali kwambiri chimene eni ake ankachita kukwera basi tsiku lonse kuti akachione, zonse balala, mbendera inatsika yokha pamtengo, asilikali anadziyang'ana n'kupeza avala yunifomu ya dziko limene kulibe, apolisi anga aja anavula zipewa n'kufunsana kuti tsono malipiro tikalandira kuti. Wailesi inanena zake, kuti anthu ananyanyala ntchito, kuti asilikali anagalukira. Sindikutsutsa, zinachitika, koma mufunse chimene chinayamba. Chingwecho anadzachitenga a boma latsopano n'kuchidula, ndi chimene anapimira zigawo zisanu ndi zinayi za Joni mukuzionazi, ndipo zikomo sananene. Ndili chigonere pansi pomwepo, fumbi lili m'kamwa, ndinamva kamawu m'chipinda muja, ng'ee! ng'ee! Mwana wabadwira m'dziko limene dziko lonse lapansi likulidziwa.

Ndinadzuka ndikuthamangira kukhomo, m'mutu ndikuwerenga kale mabasi, kuti sabata yomweyo ndimukulunge m'bulangete ulendo wa ku Linthipe. Pakhomo ndinapeza apongozi ataima, ndipo pansi, chopingasa pakhomopo, anagoneka chipika cha mtengo.

“Imani pomwepo, bambo a mwana,” anatero.

Ndinati, “Amayi, ndingomuona nkhope.”

“Mwamuna sadumpha ichi. Mapazi anu ndi otentha, mwayenda nawo ponseponse. Mukadumpha, mwana adwala.”

Ndinati, “Amayi, ine lero lomwe lino ndasuntha dziko.”

“Dziko lanulo sunthani,” anatero. “Ichi musakhudze.”

Ifenso kwathu chikuta tili nacho, koma mchombo ukagwa mwana amatuluka. Kwa anzathuwa ayi, mayi ndi mwana amabindikira miyezi, ndipo chipika chimachoka tsiku limene agogo a mwana anena. Ndikanachidumpha, inde. Panalibe mfuti, panalibe wapolisi. Koma ndikakweza phazi ndinkaganiza, nanga zikakhala zoona? Nanga mwana akayamba kutupa, kapena kutsokomola, n'kukhala ine ndamudula ndi mapazi angawa? Phazi linkabwerera lokha. Ndikaweruka kumgodi ndinkabwera kudzakhala pamwala wa pakhonde uja, kumvetsera kulira kwake kuti ndidziwe ngati ali bwino, akangokhala chete nthawi yaitali ine mtima m'mwamba, mpaka mlamu wanga atulutse mutu pawindo kunena kuti wagona chabe. Aliyense wochokera kumudzi ndinkamuthawa maso, kuopa chimene wanyamula pakamwa.

Tsiku limene anachotsa chipikacho ananditulutsira mwana wamkazi wonenepa, mphumi ndi makutu ndendende mayi anga. Ndinamulandira. Uthenga unali utafika kale ndi dalaivala wa thiraki wa kwathu, kuti ku Linthipe anaika maliro a mayi anga mwezi wathawo, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati basi ya ku Joni yafika.

Sekani za chingwe ngati mukufuna, ine malire a dziko ndinasuntha ndipo mawu amenewo ndidzafa nawo. Koma chipika chija chinali chowonda ngati mkono wangawu, choti nkhuku inkachidumpha m'mawa uliwonse ine ndikuona, ndipo ndinachiyang'ana miyezi yonse ija osachikhudza.